MUSAGULE NYUMBA NDI MAKUTU

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Makokola, mwezi uno tifuna kukamba nanu za nyumba zogula. Kuno kugombe ogulitsa nyumba achuluka, ndipo ogula sasowa: msodzi amene usipa wamkomera, mai wa geni ya nsomba, makamaka ana athu amene ali pa nchito ku Joni. Iwowa amatumiza ndalama za thukuta lao ataona chithunzi chokha pa foni, ndipo mbale amene amtuma amapita tsiku limodzi, naona khoma lopaka laimu ndi malata owala, napereka ndalama. Palibe msodzi amene amagula bwato asanalitembenuze kuti aone pansi pake. Nanga nyumba, imene mudzagona ana, tiigulirenji ndi makutu?

Choyamba kufunsa pa nyumba ya kugombe ndi nyanja. Akulu-akulu akumbukira kuti m'chaka cha 1980 nyanja yathu inakwera kufika pa mamita 477, poyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Pambuyo pake inayamba kuphwa, kotero kuti pofika 1997 inali pafupi-fupi mamita 473, ndipo mchenga umene inasiya anthu anauyesa malo aulere, namangapo. Koma paja amati madzi saiwala khwawa. Itapita mvula ya namondwe Freddy mu March 2023, ndi mvula ya chaka chotsatira, mu April 2024 nyanja inapitirira mamita 476, nilowa m'nyumba za anthu, m'madimba ndi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja m'boma lino la Mangochi. Ena analoza chala ku Kamuzu Barrage ku Liwonde, kuti bwanji satsegula zitseko zonse. Komatu madzi amene achoka kuno mwaliwiro amakamiza anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Bungwe la National Water Resources Authority lakhala likuchenjeza kuti munthu asamange pansi pa mzere wa mamita 477, ndipo wogula nyumba yomangidwa pansi pa mzerewo adziwe kuti wagula pamalo pa nyanja.

Bvuto lake ndi lakuti nyanja imadzaza cha mu April ndi May, niphwa kweni-kweni cha mu November. Nyumba yoiona m'chilimwe iri pouma, madzi ali kutali, ndipo mwini wake wapaka kale laimu watsopano. Tsono musayang'ane kumaso kwa nyumba kumene anakonzera inu. Pitani kuseri, lowani m'khitchini ndi m'bafa mmene burashi sinafike, muone ngati pali mzere wakuda wopingasa pakhoma, kapena pulasitala yofumbutuka m'munsi. Yang'ananinso pa mitengo ya pabwalo. Kenaka khalani pansi ndi agogo oyandikana nayo, mwini nyumba palibe, muwafunse kuti madzi a 2024 analekeza pati, nanga a 1980. Agogo alibe chogulitsa, adzakulozerani malo ake eni-eni.

Za khoma tinene mwachidule. Nyumba zambiri kuno nza njerwa zootcha koma zomangira matope, simenti iri kunja kokha. Tengani msomali mukande pakati pa njerwa pamalo pamene pulasitala yagwa. Ngati mukutuluka dothi, mtengo wake usakhale wa nyumba ya simenti. Mng'alu wopendekeka wochokera pa ngodya ya zenera kapena ya chitseko, ndi chitseko chokana kutsekeka, zitanthauza kuti maziko akutitimira. Tisaiwale kuti tiri m'chigwa cha zibvomezi: Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu 2009, ndipo khoma long'aluka kale ndilo liyamba kugwa. Kudenga kwerani ndithu. Bayani matabwa ndi mpeni, pakuti chiswe chimadya m'kati nkusiya khungu labwino-bwino, ndipo muone ngati denga linamangidwa kukhoma ndi waya, chifukwa mkuntho wa mvula zoyamba susiya denga longosanjika. Masana tsekani mazenera muyang'ane kumwamba. Pamene palowa kuwala padzalowanso mvula.

Chimbudzi anthu amachita nacho manyazi kuchiyendera, chonsecho mumchenga dzenje losamangira njerwa m'kati limagumuka, ndipo likakhala pafupi ndi chitsime zonyansa zimatsikira m'madzi akumwa. A zaumoyo amalangiza kuti pakhale mamita 30 pakati pa ziwirizi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anasautsa boma lathu koposa maboma ambiri, ndipo sitifuna kuonanso zotere chifukwa chochita ulesi kuyeza ndi mapazi.

Tsopano tifike pa chinthu chimene mmisiri sangachione ndi maso, ndicho mwini wake wa malo. Kuno kwathu malo amayenda ndi mbumba. Mwamuna angathe kuumba njerwa, kugula malata ndi ndalama zake, koma ngati anamanga pa malo a kuchikazi iye ndi mkamwini, ndipo sangagulitse dothilo payekha. Timamva kawiri-kawiri za ogula amene analipira ndalama zonse kwa bambo, ndipo patapita miyezi anatulukira malume ndi alongo ake a mai kudzanena kuti pano mpathu. Mlandu wotere umatha zaka, kuyambira kwa nyakwawa, kwa gulupu, mpaka kwa Mfumu Yaikulu, ndipo amene analandira ndalama uja amakhala atadya kale kapena atawoloka malire. Nchifukwa chake tikuti musanatulutse ngakhale tambala, muonane ndi mai wa m'nyumbamo, mwini mbumba ndi nyakwawa, onse pamodzi pabwalo, masana, malire akulozedwa anansi ali pomwepo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linaika makomiti a malo pansi pa magulupu. Kumene komiti yotere iripo, nayonso idziwe. Wogulitsa akanena kuti malowo ali ndi lizi, mapepala ake muwaone ndi maso, ndipo mukawatsimikize ku ofesi ya malo ku Boma. Iye wokuuzani kuti fulumirani pali wina akudza ndi ndalama mawa, mlekeni wina uja agule.

Popita kukaona nyumba tengani mmisiri wanu, wosakhala mbale wa wogulitsa, mumlipire tsiku lake lonse, ndipo pangano lilembedwe papepala mboni zisaine. Amene muli ndi ana ku Joni muwawerengere nkhani ino pa foni asanatumize ndalama. Tikupemphanso mamembala onse amene ali amisiri omanga ndi akalipentala kuti apereke maina ao ku komiti pa msonkhano ukudzawu, kuti wofuna kugula nyumba adziwe woti ampereke.