Makina Oziziritsa Nyumba M'dziko la Chisanu: Tilipire Zingati?

Mwezi uno tikucheza makamaka ndi mabanja amene akukhala kumpoto kwa America ndi ku Canada, m'madera monga Michigan, Minnesota, Ontario ndi Indiana, kumene mzinda wa South Bend uli ndi Amalawi ambiri ndithu. Kumeneko kuzizira kumayamba mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo makina oziziritsa nyumba, amene ambiri timangoti eyakoni, amagwira ntchito miyezi 3 kapena 4 yokha pachaka. Chipale chofewa chikangosungunuka, makampani amayamba kutumiza timapepala topempha kuti abwere kudzaona makinawo. Funso limene mabanja amakhala nalo ndi lomveka: chinthu chimene changokhala miyezi 8 osayatsidwa, tikachilipirirenso mmisiri chaka ndi chaka?

Ife tikuti inde, m'pofunika kuchisamalira, chifukwa kukhala kwa nthawi yaitali osagwira ntchito ndi kumene kumachiwononga. Koma mbali yaikulu ya chisamalirocho tingathe kuichita tokha popanda kutulutsa ndalama, ndipo mbali yotsalayo tiyenera kudziwa bwino chimene tikulipira.

Tisananene za mitengo, tikumbutsane chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza thanzi. Nyumba za m'madera ozizira zimamangidwa kuti zizisunga kutentha, choncho dzuwa likawomba masiku angapo motsatizana, m'katimo mumasanduka uvuni. Mu Julayi 1995, anthu oposa 700 anamwalira mumzinda wa Chicago chifukwa cha kutentha. Kumapeto kwa Juni 2021, m'chigawo cha British Columbia ku Canada munamwalira anthu 619, ndipo ku Lytton kutentha kunafika madigiri 49.6. Ambiri mwa omwalirawo anali okalamba, ndipo anafera m'nyumba zopanda choziziritsira. Ngati pakhomo pali agogo, khanda, kapena munthu wodwala mtima kapena mphumu, makinawa ayenera kuyaka tsiku limene akufunika. Tsiku limenelo mmisiri aliyense amakhala ndi mndandanda wautali wa anthu omudikira.

Nanga chisanu chimawononga chiyani? Makinawa ali ndi mbali ziwiri. Bokosi lakunja lili ndi kompuresa, fani ndi timapaipi totulutsa kutentha. M'nyumba muli timapaipi tina toziziritsa mpweya, timene nthawi zambiri timakhala pamwamba pa makina otenthetsa nyumba. Bokosi lakunja ndi limene limazunzika. Masamba amawolera m'kati mwake, madzi oundana amagwa kuchokera padenga n'kupinda zitsulo, ndipo mbewa zofuna pofunda zimamangamo zisa n'kumatafuna mawaya. M'nyumbamo, fani ndi sefa ya mpweya n'zimodzi pa makina onse awiri, otenthetsa ndi oziziritsa. Choncho pamene tikuganiza kuti eyakoni ikupuma, sefa yake imakhala ikukola fumbi nyengo yonse yozizira.

Poyambira pathu ndi pa sefa yomweyo. Tiziiona mwezi uliwonse, ndipo sefa zopyapyala tizisintha pakatha mwezi umodzi mpaka miyezi 3, malinga ndi fumbi komanso ngati m'nyumba muli ziweto. Poika yatsopano, kamuvi kamene kali m'mbali mwake kaloze kumene mpweya ukupita, kutanthauza ku makinawo. Unduna woona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta ku America umanena kuti kusintha sefa yothithikana kungachepetse magetsi amene makinawa amadya ndi 5 mpaka 15 peresenti. Sefa yotereyi imagulidwa madola ochepa chabe.

Kenako tituluke panja. Tizimitse kaye magetsi pa swichi ya pakhoma pafupi ndi bokosilo, tichotse masamba ndi zinyalala, ndipo titsuke m'mbali mwake ndi paipi ya madzi ya kudimba, mopanda mphamvu kwambiri kuti tizitsulo topyapyala tisapindike. Tidule zomera zonse kuti pakhale mpata wa masentimita 60 kuzungulira bokosilo. M'madera amene muli mitengo ya cottonwood, tionenso mu Juni, chifukwa thonje lake limamatirira ngati bulangeti. M'nyumba, tione kapaipi kotaya madzi ochokera m'makinawo. Kakatsekeka, madzi amadikha, chuku chimamera, ndipo odwala mphumu ndi amene amayamba kumva.

Pali zinthu ziwiri zimene m'dziko lozizira sitiyenera kuiwala. Choyamba, ngati tinazimitsa magetsi a bokosi lakunja nyengo yonse yachisanu, tiwayatse n'kudikira maola 24 tisanalize makinawo. Makina ambiri ali ndi kachipangizo kofunditsa mafuta a m'kompuresa, ndipo kamafunika nthawi kuti kagwire ntchito yake. Chachiwiri, tisayese makinawo kunja kukuzizira. Tidikire tsiku limene kutentha kwafika madigiri 16 kapena kuposa. Akayenda mphindi 15, mpweya wotuluka uzikhala wozizira ndi madigiri 8 mpaka 11 poyerekeza ndi wolowa.

Zotsalazo n'za mmisiri. Ku America, ulendo umodzi woona ndi kusamalira makinawa nthawi zambiri umakhala pakati pa madola 75 ndi 200, malinga ndi dera. Pa ndalama imeneyo mmisiri ayenera kuyeza mphamvu ya gasi woziziritsa, kuyeza capacitor, kamene ndi kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira, kumanga mawaya olekera, kuona timapaipi ta m'nyumba, kutsegula kapaipi kotaya madzi ndi kuyesa thermostat. Ntchito yotere siitha m'mphindi 10. Timupemphe atisiyire pepala lolembapo manambala amene wapeza, ndipo tilisunge, chifukwa makampani ena opanga makinawa amafuna umboni wa chisamaliro asanavomere kukonza mwaulere pa nthawi ya chitsimikizo chawo. Capacitor yofooka ikapezeka mu Meyi, kuisintha kumadya madola mahandiredi ochepa. Kompuresa ikapsa mu Julayi, bilu imapitirira madola 1,000, ndipo makina atsopano ndi madola masauzande angapo.

Apa pakufunikanso kuchenjera. Timapepala tina timalonjeza mtengo wotsika kwambiri, cholinga chake chili chongolowa pakhomo kuti akatigulitse zina. Mawu amene tiyenera kuwatchera khutu ndi akuti, "gasi watha, tiwonjezere." Gasi wa m'makinawa satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pakudontha. Kuwonjezera popanda kupeza podonthapo n'chimodzimodzi kutungira madzi m'chidebe chobooka, ndipo chaka chamawa tidzalipiranso. Ngati makina athu ndi akale ogwiritsa ntchito gasi wa R-22, tidziwe kuti America inaletsa kupanga ndi kuitanitsa gasi ameneyu kuyambira pa 1 Januwale 2020, moti wotsalayo ndi wodula. Lamulo la kumeneko limafunanso kuti wogwira gasi woziziritsa akhale ndi satifiketi yovomerezeka ndi bungwe la EPA, choncho ntchito imeneyi si yopatsa mnzathu wongodziwa zamagetsi. Mmisiri akanena kuti makina onse asinthidwe, timupemphe alembe mtengo ndi chifukwa chake, kenako tiitane wina adzaonenso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Makampani ambiri amagulitsanso mgwirizano wa chaka chonse, wa maulendo awiri: wina wa makina oziziritsa chisanu chikatha, wina wa makina otenthetsa chisanu chisanayambe. Ngati ndalama sizikukwanira maulendo onse awiri, tisadumphe wa makina otenthetsa, chifukwa amene amayendera gasi woyaka akawonongeka angathe kutulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene sununkha ndipo suoneka.

Nyengo yotentha ikatha, tisakulunge bokosi lakunja lonse ndi pulasitiki. Kutero kumatsekera chinyezi m'kati, kumabweretsa dzimbiri, ndipo kumaitana mbewa. Thabwa loika pamwamba n'kulitsendereza ndi njerwa ndi lokwanira kutchinga madzi oundana. Koma ngati makina athu ndi a mtundu wa heat pump, amene amatenthetsanso nyumba, tisawaphimbe ngakhale pang'ono, ndipo tizichotsa chipale chimene chaunjikana m'mbali mwake.

Amene tikuchita lendi, kawirikawiri kukonza makinawa ndi udindo wa mwini nyumba, koma tiwerenge pangano lathu kuti tione amene ayenera kusintha sefa, ndipo vuto lililonse tizilinena polemba.

Pokonza bajeti ya banja, tiyeni tiike padera madola 15 mwezi uliwonse. Pakutha pa chaka ndi madola 180, okwana ulendo wa mmisiri m'madera ambiri. Timuitane mu Epulo kapena Meyi, pa tsiku lofunda, anthu asanayambe kumulimbirana. Ndipo kutentha kukadzafika, tikumbukire kugogoda pakhomo pa okalamba amene amakhala okha pafupi nafe, tione ngati m'nyumba mwawo mukupumika.