Kamgolo kakang'ono sikafupikitsa zaka

Ku Belgium kuli mowa wotchedwa lambic umene amausunga m'migolo ya matabwa a oak kwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Ofulula mowa pakhomo ku Ulaya ndi ku America amatengera zimenezi, koma ena amagula timigolo ting'onoting'ono poganiza kuti zaka zitatu zija azidumpha m'miyezi yochepa. Ine ndikuti akudzinamiza, ndipo masamu anu a m'kalasi omwewo akhoza kusonyeza chifukwa chake.

Thabwa lili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ngati mtsuko wadothi. Mowa umalowa m'timaenjemo n'kusungunula vanillin, amene amabweretsa fungo la vanila, ndi tannin, amene amaumitsa mkamwa ngati wadya nthochi yosapsa. Okosijeni naye amalowa pang'onopang'ono, njira imene timaitcha diffusion, pomwe madzi ndi mowa wina zimatuluka ngati nthunzi. Zonsezi zimachitikira pathabwa.

Tsopano tengani cholembera. Mgolo wa malita 200, muuchepetse ndi theka msinkhu komanso mulifupi. Malo a mkati ndi ½ × ½ × ½, ndiye kuti malita 25 basi. Koma thabwa ndi ½ × ½, gawo limodzi mwa magawo anayi. Mwaona? Lita iliyonse tsopano ikukhudzana ndi thabwa lochuluka kawiri.

Ndiye fungo la thabwa limabwera msanga, inde. Koma tizilombo timene timakometsa lambic, monga yisiti ya Brettanomyces, timagwira ntchito miyezi yambiri, ndipo kuchepa kwa mgolo sikutifulumizitsa. Choipa kwambiri, okosijeni akachuluka, mabakiteriya ena amasandutsa mowa kukhala viniga. Munthu amathera ndi chakumwa chonunkha thabwa, chowawasa, komanso chochepa chifukwa china chauluka.

Wina anena kuti, nanga mgolo wa malita 200 angauike pati m'nyumba? Zoona, kakang'onoko ndi kosavuta kusunga. Koma mwini wake avomereze kuti akupanga chinthu china, azilawa pafupipafupi ndi kuuchotsa msanga.

Mowawo si wanu, ophunzira inu, koma lamuloli ndi lanu. Ndi lomwelo limene limachititsa mchere wopera kusungunuka msanga kuposa wamiyala, ndiponso khanda kuzizidwa msanga kuposa mayi ake. Chinthu chikachepa, kunja kwake kumachuluka poyerekeza ndi mkati mwake.