Mwana akabanika pobadwa, magazi ake atiuze zoona

Mwana akabadwa osalira, m'chipinda mumati zii. Mzamba amamupukuta msanga, kumusisita pamsana, kenako kumupopera mpweya. Akalira, onse mtima m'malo. Vuto likapitirira, ambulansi ikapezeka, kuchokera ku Bangwe kapena ku Ndirande, ulendo wa ku Chatinkha ku Gulupu. Koma funso lomwe mayi amabwerera nalo kunyumba ndi limodzi: kodi m'mutumu muli bwino?

Mnansi wanga ku Machinjiri yankho analipeza patatha miyezi isanu ndi itatu. Khosi la mwana silinalimbe, timanja tili chofumbata, akayamwa n'kutsamwa. Apongozi anati tsempho, ena anati mayiyo anayenda njira ali woyembekezera. Ndalama zinathera kwa asing'anga, pamene mwanayo ankafunika mafizo kuyambira ali wakhanda.

Bongo ukasowa mpweya, maselo ake owonongeka amatayira mapuloteni ena m'magazi. Akatswiri amawatchula S100B, NSE ndi GFAP, ndipo akufufuza ngati kuchuluka kwake m'maola oyambirira kungasonyeze kukula kwa vuto. Ife tikudalirabe maso ndi manja: mapointi a Apgar, njira ya m'chaka cha 1952, ndi a Thompson, omwe anakonzedwa ku Cape Town. N'zothandiza, koma namwino mmodzi wosamalira makanda ochuluka usiku wonse sangaone zonse.

Ena akuti izi n'za mayiko olemera, ife tiyambe tapeza mafuta a ambulansi. Mafutawo apezeke lero lomwe, sinditsutsa. Nanga ana omwe abanika kale tiwataye?

Ndikukananso zodikira kuti Azungu afufuze, ife tidzangolandira. Kwawoko mwana wobanika amamuziziritsa thupi maola 72 kuti bongo utetezeke, ndipo zimathandiza. Kafukufuku wa HELIX atayesa njira yomweyo ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh, zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti ana oziziritsidwa ndiwo anamwalira ambiri. Choyenda ku London sichingoyenda ku Zingwangwa.

Kufufuza tokha n'kotheka: makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, anayesedwa pa Gulupu pomwepa ndipo afalikira m'zipatala za maboma. Ofufuza a ku KUHeS ndi a ku Malawi-Liverpool-Wellcome ali pafupi ndi Chatinkha, mtunda woyenda wapansi. Ayeze magazi a ana athu, Unduna wa Zaumoyo uikepo ndalama, kuti mayi wa ku Chilomoni azituluka atalemberedwa m'buku la kusikelo tsiku loyamba mafizo.