Wailesi ikutitayitsa mankhwala: madandaulo a odwala a ku Madisi

Ife amene talemba izi ndife odwala shuga, odwala BP, ndi ena amene tili pa ma ARV. Ambiri ndife a m'midzi yozungulira Madisi, kwa Gogo Chalo Chakhaza, ena amachita kutsika kuchokera kumapiri a ku Ntchisi. Tidadziwana pa benchi ya kuchipatala, aliyense atagwira kabuku kake, kudikira kuitanidwa dzina. Pa benchi yomweyo mpamene tidayamba kuzindikira kuti anzathu ena asiya kubwera, ndipo tikafunsa kumudzi kwawo yankho limakhala limodzimodzi: adamva pa wailesi, adagula botolo, mapiritsi adasiya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tikulankhula ndi inu eni nyumba zoulutsira mawu, a wailesi ndi a kanema omwe.

Kuno kwathu wailesi si choseweretsa. Pomwepo timamvera mitengo ya fodya ku Kanengo, za mvula, za makuponi a feteleza, ndi mauthenga a maliro a abale athu. Munthu akati "ndamva pa wailesi", mkangano umatha. Ndiye madzulo, nkhani zikangotha, mawu omwe aja amene amatiuza zoona amalandira mlendo amene amutchula kuti dokotala, popanda kutiuza kumene adaphunzira. Mlendoyo amawerenga matenda ngati akuitana maina: shuga, BP, khansa, zilonda za m'mimba, kusabereka, mphamvu za abambo, mpaka kachirombo. Zonsezi akuti botolo limodzi. Woulutsa mawu safunsa funso lililonse lovuta, amangovomera, n'kubwereza nambala ya foni katatu. Agogo amene akhala pa mkeka kumvetsera angadziwe bwanji kuti mphindi zimenezo n'zogula, kuti nkhani zatha ndipo tsopano ndi malonda?

Botolo lake tidaliona ndi maso. Ndi botolo la madzi akumwa logwiritsidwa kale ntchito, chizindikiro chochotsedwa, m'kati muli madzi akuda owawa, pansi pali zitsotso. Palibe polemba zimene asakaniza, palibe tsiku lothera mphamvu, palibe ngakhale dzina la wopanga. Ndalama umatumiza pa foni, botolo limabwera ndi kondakitala wa minibasi ya pa M1, n'kukupatsira pa siteji. Ukamwa n'kutsegula m'mimba usiku wonse, ukaimba foni amati usaope, ndiwo matenda akutuluka, onjezera lachiwiri. Mmodzi mwa ife adagulitsa mbuzi ziwiri kuti amalize mabotolo amene adamuuza. Lero mlongo wake ndi amene amamusambitsa, chifukwa dzanja ndi mwendo wakumanja zidafa.

Chimene chimatipweteka kwambiri n'chakuti bodzali limagwira pamene matenda athu amanyenga kale. BP siimveka kuwawa. Munthu atha kusiya mapiritsi miyezi, akulima bwinobwino, akuuza anzake kutchalitchi kuti adachira, pamene magazi akuwononga mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete, mpaka tsiku limene agwe m'dimba pakamwa patapotoka. Shuga nayenso amadikira. Amayamba ndi kachilonda ka kuphazi kosapola, maso kuchita chifunga, kenako adokotala amanena zodula mwendo. Impso zikafooka, ulendo wake ndi wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kukasefetsa magazi pa makina, ndipo mlimi wa kuno ndalama za minibasi sabata ndi sabata angazipeze kuti? Matenda awiriwa ambiri a ife tidzakhala nawo moyo wonse. Amagonja ndi mapiritsi, kuchepetsa mchere ndi zotsekemera, ndi kupimitsa kawirikawiri, koma sachoka ndi chikho.

Anzathu a ma ARV ali ndi dandaulo lawolawo, ndipo atipempha kuti tilinene momveka. Munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika, kachirombo kamachepa m'magazi mpaka makina kulephera kukawerenga. Achipatala amati sikakuoneka. Sikuti katha ayi, kangobisala, ndipo ukasiya kumwa kamachulukanso, nthawi zina kosamvanso mankhwala amene unkamwa. Ogulitsa mabotolo amadziwa zimenezi. Amatenga munthu amene wakhala pa ma ARV zaka zambiri, yemwenso wamwako botolo lawo, n'kumuika pa wailesi ndi pepala lake la kuchipatala kuti achitire umboni. Womvera amakhulupirira, pakuti pepalalo ndi lenileni. Ntchito imene agwira ma ARV, amene boma lidayamba kupereka ulere mu 2004, ulemu wake umapita kwa botolo. Ife amene tidaika maliro a abale athu motsatizana mankhwalawa asanabwere, tikamva umboni wotere mtima umatiwawa.

Izi si zachilendo. Akuluakulu pakati pathu akukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu miyandamiyanda adakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape, umene ankati adaulota kutulo kuti uchiza Edzi. Edzi siidathe. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku amenewo mankhwala enieni kudalibe, munthu adalibe kwina kolowera. Lero mankhwala alipo, pafupi, ndipo tikuuzidwa kuti tiwataye.

Mafoni nawo awonjezera moto. Nthawi ya Covid-19 mauthenga a mawu pa WhatsApp ankayenda mudzi ndi mudzi kuti katemera ndi wotseketsa kubereka, ena amati ndi chizindikiro cha 666, ena amati kudzifukiza ndi masamba a bulugama n'kokwanira. Ife odwala shuga ndi BP, amene tinali pachiopsezo kuposa anzathu, ndi amene tidaopa kwambiri. Mu May 2021 dziko lino lidatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 atatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Kolera itabwera mu 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mphekesera zidabweranso zoti achipatala ndi amene akubweretsa matendawa, ndipo ena ankabisa odwala m'nyumba pamene thanzi ORS ndi diripi zikadawapulumutsa. Uthenga wa pa foni sitidziwa mwini wake, sitingamufunse. Koma wailesi ndi kanema zili ndi eni ake, zili ndi chiphaso, zili ndi maofesi. N'chifukwa chake madandaulo athu tawalunjika kwa inu.

Musatimve molakwa, sitikunyoza mitengo ya makolo athu. Tonse tidakula ndi mizu ndi makungwa, ndipo m'midzi mwathu muli asing'anga achilungamo amene akaona kuti matenda awapitirira amanena okha kuti pitani naye ku Madisi kuchipatala. Amenewo sagula nthawi pa wailesi. Amene tikudandaula nawo ndi amalonda amene salidziwa n'komwe dzina la wodwala, amene amachulukitsa malonda awo nyengo yogulitsa fodya ndi soya podziwa kuti m'thumba mwa mlimi muli kanthu, ndipo wodwala akafooka foni yawo siipezekanso.

Malamulo alipo. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa zabodza kapena zosocheretsa zokhudza matendawa. Bungwe la PMRA ndi limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo la MACRA ndi limene limapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu. Tikupempha mabungwe awiriwa kuti atchere khutu madzulo ndi usiku, pamene mapulogalamu otere amachuluka, makamaka pa mawailesi amene amamveka kumidzi.

Kwa inu eni mawailesi, tikudziwa kuti mumafuna ndalama zolipirira magetsi ndi antchito, ndipo sitikuti musiye malonda. Koma wina akabwera ndi botolo, mufunseni kaye chilolezo cha mankhwala akewo musanalandire ndalama yake. Pulogalamu yolipira muzinena poyamba, pakati ndi pomaliza kuti ndi malonda, ndipo wowerenga nkhani asakhale yemweyo wotamanda botolo. Mawu oti munthu asiye mapiritsi a kuchipatala asadutse pa maikolofoni anu ngakhale kamodzi. Ndipo ngati mumapatsa ola lathunthu wonena kuti adachira, patseninso ola namwino, mlangizi wa zaumoyo, ndi ife amene tidamwa mabotolowo. Ena mwa ife sangathe kukwera minibasi, choncho chojambulira mawu mubwere nacho kuno ku Madisi.