Tisanamizire Mmisiri

Mvula zoyamba zikagwa mu Novembala, tayendani m'makwalala a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, ndipo simudzalephera kupeza nyumba imene kuseri kwake kuli khitchini yosasuka denga. Makoma ali chiimire, mulu wa mchenga ukukokoloka ndi madzi, ndipo mayi wa pakhomopo wasamutsira mbaula yake pakhonde, akuvundula nsima atapanikizika kukhoma kuti mvula isamuzimire moto. Mukawafunsa bambo a m'nyumbamo chimene chidaimitsa ntchitoyo, yankho lake timalidziwa kale: "Ndalama zidatha. Mmisiri uja adatidyera."

Mawu amenewa tawamva kambirimbiri, ndipo enafe tidawalankhulapo ndi pakamwa pathu. Koma lero tikufuna kuwakana. Sitikunena kuti amisiri onse ndi oyera mtima ayi. Alipo amene amazembetsa thumba la simenti kukamada, ndipo alipo amene amalandira ndalama pa makomo atatu n'kumaonekera pa khomo lililonse kamodzi pa mlungu. Komabe kuba kwa anthu otere sikungatiuze chifukwa chimene mabanja ambiri, ngakhale amene adalemba mmisiri wokhulupirika, amamwaza ndalama zoposa zimene adakonza pokonzanso khitchini. Mlandu waukulu uli ndi ife eni nyumba.

Ena adzati vuto ndi kukwera kwa mitengo, ndipo pamenepa ali ndi mfundo. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya dziko lino idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700 tsiku limodzi. Zitsulo zopangira malata, masinki ndi matailosi ambiri zimachokera kunja. Simenti timapanga ndithu ku Kasungu, ku Blantyre ndi ku Mangochi, koma mafuta a galimoto zoinyamula ngochokera kunja onse, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Zonsezi n'zoona. Komatu kukwera kwa mitengo si mlendo m'dziko muno. Munthu amene amalemba mitengo mu Januwale, n'kukagula zipangizo mu Ogasiti akuyembekeza kuipeza ili pomwepo, wadzinamiza yekha. Ndiponso amene amayamba ntchito ali ndi ndalama zatheka, akuti zotsalazo adzapeza m'njira, amatalikitsa ntchito ya milungu itatu kufika miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pa miyezi imeneyo mitengo imakwera, simenti yosungidwa pa chinyontho imauma m'thumba momwemo, nawo mchenga umatengedwa ndi ana ndi mvula.

Koma gwero lenileni lili kumbuyo kwambiri, pa tsiku limene tidamanga nyumbayo. Tikumbukire mmene tidachitira. Njerwa zabwino, malata atsopano ndi penti zidapita pabalaza, pamene pamafikira alendo. Khitchini tidaimanga pomalizira ndi zotsala: zidutswa za njerwa zomangira dothi, malata akale obooka, mapaso osapaka mankhwala a chiswe, ndi maziko osaikamo pulasitiki yoletsa chinyontho. Chikhalirecho palibe chipinda china m'nyumba chimene chimagwira ntchito yolemetsa ngati khitchini. M'menemo moto umayaka katatu pa tsiku, madzi amatayika pansi, nthunzi ndi utsi zimakwera kudenga chaka ndi chaka. Kwa zaka khumi kapena kuposerapo sitidaponyemo ngakhale tambala. Tsono mmisiri akasasula malata n'kupeza kuti mapaso okutidwa ndi mwaye aja ndi makoko okhaokha chifukwa chiswe chidadya m'kati, akagumula pulasitala n'kupeza khoma lonyowa lofumbutuka, akakumba pansi n'kupeza paipi yadzimbiri ikudontha, kodi zimenezi wabwera nazo m'chikwama chake? Iyayi. Iye wangovundukula ngongole imene tidaibisa tokha, ndipo ngongole yakale simabwera yopanda chiwongoladzanja.

Tionenso pepala limene timalitcha bajeti lija. Timalembapo zimene maso amaona m'sitolo: simenti, malata, matailosi, sinki, penti. Sitilembapo galimoto kapena ngolo yotuta mchenga ndi miyala ya kwale, madzi okandira simenti, misomali, waya, chakudya cha antchito, ndi ganyu yochotsa zigumukire. Timayeza denga n'kuwerenga malata ngati kuti adzangogundana m'mbali, kuiwala kuti lata lililonse limakwera pa linzake. Timagula matailosi okwanira ndendende, pamene aliyense woika matailosi amadziwa kuti ena amadulidwa m'makona ndipo ena amasweka, n'chifukwa chake pa khumi alionse pamafunika limodzi lapadera. Timasankha malata a geji 32 chifukwa ngotchipa, osadziwa kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala, ndipo a geji 28 ndiwo olimba. Timafuna kuponda pansi mawa lake, pamene konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7 ndipo imafika pa mphamvu yake patatha masiku 28. Tikaithamangitsa imang'aluka, n'kuyambiranso. Pepala lotere si bajeti, ndi chikhumbokhumbo chabe cholembedwa ndi manambala.

Pali chifukwa china chimene chimatichititsa manyazi kuchitchula, koma tichitchule. Kawirikawiri khitchini imakonzedwa ndi munthu amene saphika. Bambo amakhala pansi pa mtengo ndi mmisiri, najambula pa dothi ndi kamtengo, napangana mtengo, pamene mayi amene amatha theka la tsiku lake m'chipindacho akuwakonzera tiyi. Makoma akafika pa lintala, mayi amalowamo n'kuona zimene akadanena tsiku loyamba akadafunsidwa: zenera lili kumbali kumene utsi sutulukira, khomo lapenya kochokera mphepo, malo otsukira mbale ali kutali ndi mpopi, ndipo thumba la ufa ndi la makala lilibe poikidwa. Apo khoma liyenera kugumulidwa. Khoma limenelo talilipira katatu: polimanga, poligumula ndi polimanganso. Pamenepo bambo amapukusa mutu n'kumati akazi sakhutira. Kodi wosakhutira ndani, ndipo wosafunsa ndani? Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula lake la masiku ano ndi matumba a simenti.

Ndiye pali matenda a kusirira. Ntchito ili m'kati, tikacheza kwa anzathu kapena tiona chithunzi pafoni, n'kubwerako ndi maganizo atsopano. Pansi pamene tidati padzakhala simenti yosalala, tsopano pakhale matailosi. Pamene padali shelefu, pakhale makabati. Timayesa kuti tawonjezera chinthu chimodzi, koma m'khitchini chinthu chilichonse chimakoka chinzake. Matailosi amafuna pansi posalazidwa bwino ndi simenti yake yomatira. Sinki imafuna paipi yobweretsa madzi, ina yotulutsa, ndi dzenje lolandira madzi oipawo. Chitofu chamagetsi sichilumikizidwa pa soketi ya wailesi, chimafuna waya wake wokhuthala wochokera pa bokosi la magetsi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama zikayamba kutha, zimene timadula ndi zofunika zenizenizo. Matailosi amatsala chifukwa alendo adzawaona, koma chumuni ndi zenera lachiwiri timati zidikire chaka chamawa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni adamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. M'dziko ngati lathu, mmene mabanja ochuluka amaphikira nkhuni ndi makala, amene amapuma utsi umenewo ndi mayi ndi mwana ali kumsana kwake. Khitchini yonyezimira pansi koma yotsekeka utsi siidakonzedwe, yangovekedwa zovala.

Tsono tibwerere kwa mmisiri uja. Tidaitana amisiri atatu. Woyamba adakwera padenga, nagogoda mapaso, natchula mtengo umene udatidzidzimutsa. Wachiwiri adatsitsako. Wachitatu adangoyang'ana ali pakhomo, natchula mtengo wotsikitsitsa, ndipo tidamutenga iyeyo, titamunenereranso. Potero tidalanga wonena zoona ndi kupereka mphotho kwa wotinyengerera. Amisiri adaphunzira kalekale kuti wotchula mtengo weniweni amagona ndi njala, choncho ambiri amatchula wochepa kuti alowe pakhomo, podziwa kuti denga likasasuka sitingawathamangitse. Ndife amene tidawaphunzitsa. Pamwamba pa izo, pangano lathu lidali lapakamwa, lopanda pepala ndi mboni, kotero kuti pakabuka mkangano aliyense amakumbukira zomukomera yekha.

Wina angati nkhani ya khitchini njaing'ono. Komatu taonani kumene imathera. Denga likakhala losasuka mvula ili pafupi, banja limagwira chilichonse chili pafupi: fizi ya ana ya teremu yotsatira, chimanga cha m'nkhokwe, ngongole ya mayi ku banki m'khonde, ndipo pomalizira katapila. M'nyumba mumalowa kulozana zala, mwamuna ndi mkazi osalankhulana chifukwa cha khoma. Naye mmisiri amachoka osalandira malipiro ake omaliza, dzina lake litaipitsidwa m'dera lonse, pamene mwina ndi munthu amene Lamulungu timakhala naye pa benchi limodzi m'tchalitchi. Kumana wantchito malipiro ake ndi kumunenera umboni wonama si tinthu tating'ono, ngakhale titachitira pa nkhani ya mapaso.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, banja likhale pansi, ndipo wophikayo ayambe ndiye kulankhula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mmisiri alipidwe kangachepe kuti ayambe wafufuza: asasuleko lata limodzi, agogode matabwa, akumbeko m'mbali mwa maziko, asanatchule mtengo. Zonse zilembedwe, kuyambira simenti mpaka msomali ndi mtengo wa galimoto, ndipo pepalalo lisainidwe pamaso pa mboni, malipiro agawidwe molingana ndi magawo a ntchito. Pa K100 iliyonse imene tawerengera, tisunge padera K15 kapena K20 ya zobisika, ndipo ngati ndalama yapaderayo palibe, ndiye kuti nthawi yoyamba ntchito siinakwane. Zipangizo zosawonongeka msanga, monga malata ndi mapaipi, zigulidwiretu, simenti idze pomalizira. Ntchito iyambe m'chilimwe, ndipo itsate ndondomeko yake: denga, chumuni, mazenera ndi madzi poyamba, zokongoletsa pambuyo. Ntchito ikayambika, maso asayendenso kwa anansi.

Ndipo khitchini ikatha, tisaitayenso kuseri kwa nyumba ndi kuseri kwa maganizo athu. Lata likadontha lisokedwe chaka chomwecho, njira ya chiswe ikaoneka pakhoma ithiridwe mankhwala mlungu womwewo. Chipinda chimene chimatidyetsa tsiku ndi tsiku chiyenera kuoneka m'ndondomeko ya ndalama za banja chaka chilichonse, osati kamodzi pa zaka khumi. Tikapanda kutero, tidzaimanso pakhonde tsiku lina mvula ikugwa, tikuyang'ana mayi akutchinjiriza moto ndi chitenje, ndipo tidzafunanso munthu womunamizira.