Kagalu kakakodza pa kapeti, wolakwa si iko

Mwezi wa February ndinagula kagalu m'mphepete mwa msewu ndi kukabweretsa ku fulati ya achemwali anga, kumene ndimakhala pano ndikumalizitsa sukulu mu Blantyre muno. Mnyamata wogulitsayo anakanyamula ngati mtolo wa ndiwo, akulumbira kuti ndi German Shepherd weniweni. Ine ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Lero aliyense wokaona amadziwa kuti ndi galu wamba, wa makutu ogwa ngati agalu a kwathu ku Ntcheu. Ndinakatcha Tsabola.

Achemwali atabwera ku ntchito anakayang'ana, nandiyang'ananso ine. "Iwe, nyumba ino ndi ya lendi ndipo dipoziti inatuluka m'thumba mwanga. Kakangonunkhitsa muno kachoka, iwenso ukalondola." Sanali kuseka. Fulati yathu ili m'mwamba, ukatuluka pakhomo umatsika masitepe awiri aatali kuti ufike pa kapinga, ndipo pa balaza panali kapeti imene iwo anagula ndi malipiro awo oyamba.

Masabata awiri oyamba ndinachita zimene aliyense anandilangiza. Ndikapeza mkodzo pansi, ndinkagwira Tsabola pakhosi, kukhuditsa mphuno yake pa mkodzowo, kenako kukawomba ndi patapata. Anzanga a m'kalasi anati ndi momwemo, alonda a pageti anati ndi momwemo, ngakhale amalume pa foni anati galu amamva ndodo basi. Kagaluko kanaphunziradi, koma kanaphunzira zina. Kanasiya kukodza ine ndikuona, kanayamba kukabisala kuseri kwa sofa ndi kunsi kwa bedi la achemwali. Usiku wina magetsi atazima ndinaponda bibi ndi phazi lopanda nsapato pa khomo la kukhitchini. Chinandiwawa kwambiri ndi ichi: ndikamalowa m'nyumba madzulo, m'malo mondithamangira kankagwada pansi, mchira uli pakati pa miyendo, timadontho ta mkodzo tikutuluka chifukwa cha mantha.

Maganizo anga lero ndi akuti kagalu kakayipitsa m'nyumba, wolakwa ndi munthu amene wakasunga. Sindikunena izi mwachifundo chabe ayi. Nkhani yake ndi ya thupi. Kagalu ka miyezi iwiri chikhodzodzo chake n'chaching'ono ndipo minofu yogwira mkodzo imakhala isanakhwime. Madokotala a ziweto amawerengera kuti kamatha kupirira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake: ka miyezi iwiri maola awiri, ka miyezi inayi maola anayi, mwina kuposerapo pang'ono kakagona. Ine ndinkachoka 7 koloko m'mawa kupita ku makalasi n'kubwera cha m'ma 4 madzulo. Maola 9. Ndinkamenya kamwana chifukwa cholephera chinthu chimene thupi lake silikanatha, ngakhale kakanafunitsitsa bwanji.

Ena amati, "Koma amadziwa kuti walakwa, taonani mmene akuyang'anira." Inenso ndinkatero. Nkhope ija yogwetsa makutu ndi kuyang'ana cham'mbali imaoneka ngati ya munthu wogwidwa akuba. Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anayesa nkhani imeneyi ndi agalu 14. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya kenakake n'kutuluka m'chipinda. Akabwerera, ofufuza nthawi zina ankamuuza zabodza, kuti galu wadya pamene sanadye, kapena kuti sanadye pamene wadya. Anapeza kuti nkhope ya "wolakwa" ija inkabwera galu akakalipiridwa, kaya wadya kaya sanadye, ndipo inkaonekera kwambiri pa agalu osalakwa amene akalipiridwa. Tsabola sikankakumbukira mkodzo wa 10 koloko m'mawa. Kankawerenga mapazi anga ndi nkhope yanga ya 4 koloko. Galu amalumikiza chimene wachita ndi chotsatira chake ngati zachitika motsatana, m'kamphindi komweko. Chilango chobwera patapita maola chimangomuuza kuti munthu uyu akalowa, kumakhala zoopsa.

Anandigwedeza ndi dokotala wa ziweto amene ndinapitako kagaluko katayamba kutsegula m'mimba. Anakaona mano n'kunena kuti pamene ndinkakagula kanali kasanakwane masabata 8, msinkhu umene kagalu kayenera kufika kasanasiyane ndi mayi wake. M'mimba munali njoka zambiri, n'chifukwa chake kankabiba pafupipafupi. Ndinachita manyazi pofotokoza za patapata. Iwo sanandikalipire, anangondifunsa kuti, "Achimwene, mwana wa miyezi iwiri mungamukwapule chifukwa cha thewera?"

Anandichenjezanso chinthu chimene okhala m'mafulati ambiri sadziwa. Simungangotsika nako kagalu n'kukaika pa kapinga paliponse kasanamalize katemera. Pali matenda a parvo, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo amapha tiagalu tambiri. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambirimbiri. Katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu kafike masabata 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu. Pa kapinga wathu pamadutsa agalu oyendayenda usiku uliwonse. Ndiye vuto la m'fulati ndi limeneli: nthawi imene kagalu kayenera kuphunzira kuti chimbudzi ndi panja ndi nthawi yomweyo imene panja pangakaphe.

Tinachita chonchi. Pa khonde lathu la m'mwamba ndinaika thireyi yakale yachitsulo, ndinathiramo mchenga, pamwamba pake n'kuyala kapinga amene ndinazula ndi dothi lake kwa mnzanga wokhala kumpanda kopanda agalu. Ndinasankha kapinga osati nyuzipepala chifukwa kagalu kamazolowera chimene mapazi ake akuponda pamene kakudzithandiza. Kozolowera pepala ndi nsalu kadzaona kapeti ngati chimbudzi chabwino kwambiri. Kakangodzuka, kakangodya, kakangosewera, ndinkakanyamula kupita nako pa khonde. Kakayamba kununkhiza pansi ndi kuzungulirazungulira, ndinkasiya chilichonse, ngakhale nsima ili pamoto. Ndikakaika pa thireyi ndinkanena liwu limodzi lokha, "pita", n'kudikira. Kakangomaliza, pompo kachidutswa ka nyama kali pakamwa, ndi kukayamikira ngati kapambana mpira. Pompo, osati titalowa m'nyumba. Ukachedwa, kamaganiza kuti mphotho ndi ya kulowa.

Usiku kankagona m'bokosi lalikulu pafupi ndi bedi langa. Galu mwachibadwa sakonda kuyipitsa pogona pake, choncho kakapanikizika kankalira m'malo mokodza. Koma bokosilo si ndende. Ukakasiya mmenemo maola ochuluka kuposa mphamvu yake, kakodzamo, kagonapo, ndipo chibadwa chijanso chitha. Ndinkatchera alamu ya 1 koloko ndi ya 4 koloko. February ndi mwezi wa mvula, ndipo ndaimapo pa khonde ndi ambulera pakati pa usiku, maso ali gwa, ndikunyengerera kagalu kuti kakodze, mawa lake ndili ndi mayeso. Masana ndinkabwerera kunyumba pa nthawi ya nkhomaliro, ndalama ya minibasi ikutha, ndipo masiku awiri pa sabata mtsikana wogwira ntchito m'fulati yoyandikana nayo ankandithandiza, ine n'kumamupatsa kangachepe.

Za kukolopa ndinene mwachidule, chifukwa n'zimene zinatayitsa kapeti ya achemwali. Mphuno ya galu imamva fungo limene ife sitimva, ndipo pamene pamanunkha mkodzo wakale ndi pamene amabwererapo. Sopo wamba sachotsa fungolo. Mankhwala okolopera okhala ndi amoniya ndiye amaonjeza, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo. Pa simenti ndi matailosi viniga wosakaniza ndi madzi anandithandiza. Pa kapeti ndinachedwa.

Katemera atatha tinasamukira pansi. Apa panali phunziro lina, la masitepe. Kagalu kopanikizika sikangatsike masitepe awiri kosakodza pakati, ndipo mayi a m'fulati ya pansi anandipeza tsiku lina ndikukolopa pakhomo pawo. Sanalankhule zambiri, anangoti, "Mwanawe, ana anga amakhala pomwepa." Kuyambira pamenepo ndinkakanyamula m'manja mpaka pa kapinga, ndi jumbo m'thumba yotolera bibi. Alonda ankaseka mpaka kugwira m'mimba poona mnyamata wa ku yunivesite akutola manyi a galu. Asekebe. M'chimbudzi cha tiagalu mumakhala mazira a njoka za m'mimba amene amatha kulowa mwa mwana wosewera pa dothi n'kumudwalitsa, nthawi zina mpaka kuononga diso. Pa kapinga ameneyo pamakwawa ana a anthu ena, amene sanapemphe kuti ine ndikhale ndi galu.

Amalume anga mpaka lero amati zonsezi ndi zachizungu, galu ndi wa kunja. Ndakhala ndikuwatsutsa, koma mbali ina akunena zoona. Kumudzi palibe amene amaphunzitsa galu chimbudzi. Kagalu kamatsatira mayi wake kuthengo, kamaona kumene anzake akupita, nkhani yatha. Galu wakumudzi ali ndi mavuto ake, nkhupakupa, njala, miyala ya ana, koma vuto la chimbudzi alibe. Vutoli timalipanga ndife tikamukweza m'mwamba n'kutseka chitseko. Wamulanda thengo, wamulanda mayi wake, ndiye zonse ziwirizo ziyenera kukhala iweyo. Pamene ndimasiyana ndi amalume ndi pa ndodo. Iwo amati imagwira ntchito chifukwa galu womenyedwa amasiya kuyipitsa pamaso pako. Inde amasiya. Kafufuzeni kuseri kwa sofa.

Ndikuganiza kuti timafulumira kutola patapata chifukwa ambiri a ife tinakula choncho. Wokodza pa mphasa ankayalutsidwa m'mawa, wolephera samu ankatambasula dzanja. Sindikufuna kuyerekeza ana ndi agalu, koma ndimakumbukira kuti inenso ku pulayimale sindinaphunzire samu chifukwa cha ndodo. Ndinaphunzira kukhala kumbuyo ndi kubisa kope.

Tsono kwa anzanga amene mukuona tiagalu tokongola pa TikTok ndi pa Instagram n'kumalakalaka, ndinena mosapsatira: ambiri a ife sitiyenera kukhala ndi kagalu m'fulati panopa. Inenso sindinkayenera. Funso si lakuti umakonda agalu kapena ayi. Funso ndi lakuti kwa miyezi itatu kapena inayi, ndani atsegule chitseko maola awiri kapena atatu aliwonse? Ngati umachoka m'mawa n'kubwera usiku, ngati Lachisanu umagona kwa anzako, ngati ukugawana nyumba ndi anthu amene sanavomere, yankho ndi lakuti palibe. Ndaona mmene zimathera. Kagalu kakafika miyezi isanu katasiya kukongola koma kakukodzabe m'nyumba, amakatumiza kwa achibale kukamangidwa pa tcheni, kapena amangokatsegulira geti. Galu wotayidwa choncho nthawi zambiri amakhala wopanda katemera, ndipo muno chiwewe si nthano. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito, pofuna kufika pa agalu 70 mwa 100 aliwonse, mlingo umene umafunika kuti matendawa asiye kufala. Galu aliyense amene ife ophunzira timagula pamsewu n'kumutaya amabweza ntchito imeneyo m'mbuyo. Ndipo kagalu kalikonse kogulidwa pamsewu kamauza mnyamata wogulitsa uja kuti mawa abweretse kena, kosakwana masabata 8, ka njoka m'mimba.

Tsabola tsopano kali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kakafuna kutuluka kamakhala pafupi ndi chitseko n'kundiyang'ana, ndipo ndikachedwa kamakanda ndi phazi. Masabata atatu anadutsa popanda ngozi, kenako sabata ya mayeso ndinakhalitsa ku laibulale mpaka 8 koloko usiku, n'kupeza chithaphwi pafupi ndi chitseko, pamalo penipeni pamene kamandidikirira. Ndinatenga mopu osanena kanthu. Kanandiyang'ana pang'ono, kenako kanabwera kudzaluma mopuyo.

Kapeti ija tinaitaya mu April. Ndikubweza ndalama yake pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo achemwali amalemba m'kabuku. Amanenabe kuti galu si wawo. Koma sabata yatha ndinadzuka 5 koloko n'kupeza bokosi lili pululu, ndipo nditasuzumira pa zenera ndinawaona pa kapinga atafunda chitenje, jumbo ili m'manja, akunena chapansipansi kuti alonda asamve, "Pita, Tsabola, pita."