Ludzu Lodya Madola

Ine ndatopa nawo ukapolo wa pakhosiwu. Nthawi ya atsamunda, kachasu wa azungu ankaoloka nyanja kudzamwedwa ku Gymkhana Club kuno ku Zomba, makolo athu akungosuzumira pawindo. Mu 1968 Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Tidati basi, wa m'botolo tizifulula tokha. Koma kwacha itamasulidwa mu 1994, mashelefu adayamba kudzaza vinyo ndi timabotolo ta ku South Africa. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, koma ludzu la mabwana silidagwe nayo ayi.

Abale inu, botolo lililonse lolowa pa Mwanza timaligula ndi ndalama zakunja, zomwezo zogulira mankhwala, feteleza ndi petulo. Takwerani phiri la Zomba muone anyamata akuthamangira magalimoto ndi masitiroberi, otsala nkumaola. Zipatso zilipo, madzi a Mulunguzi alipo; vinyo wathuwathu watikanika pati? Mayi wofulula masese timamunyoza, chonsecho ndalama yake imatsala konkuno, nkulipira fizi ya mwana.

Aboma, kwezani msonkho wa mowa wakunja, muthandize ofulula akuno. Wofuna wa ku Scotland alipire mowawa.